Mbiri ya Nthabwala mu Star Trek

Star Trek ndi sewero la pa kanema la ku America la nkhani zopeka zasayansi, momwe anthu a m'tsogolo amayenda m'chombo pakati pa nyenyezi n'kumakumana ndi mitundu ya kumapulaneti ena. Linayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ya NBC pa 8 Sepitembala 1966. Mwini wake, Gene Roddenberry, sanalipange kuti anthu aziseka. Cholinga chake chinali kukamba za nkhondo, tsankho, chipembedzo ndi ulamuliro, nkhani zimene eni mawailesi a nthawi imeneyo ankaziopa, ndipo ankazidutsitsa poziveka zovala za anthu a kumlengalenga. Gawo loyesera loyamba, "The Cage", a NBC analikana ponena kuti linali lofuna kuganiza kwambiri. Ngakhale zinali choncho, nthabwala zinalowa m'seweroli msanga, ndipo kuyambira pamenepo alembi ndi oonera akhala akutsutsana ngati kuseka kuli ndi malo m'nkhani yolemera chotere.

Seweroli linkajambulidwa ndi kampani ya Desilu, yomwe panthawiyo inali m'manja mwa Lucille Ball, mayi amene anatchuka m'dziko lonse la America ndi sewero loseketsa la I Love Lucy. Koma munthu amene anabweretsa kuseka m'chombo cha Enterprise anali Gene L. Coon, mlembi yemwe anayamba kuyang'anira nkhani pakati pa chaka choyamba. Coon anaona kuti pakati pa anthu atatu akuluakulu a m'seweroli panali kale chuma chosakumbidwa. Spock, yemwe ankaseweredwa ndi Leonard Nimoy, ndi wa mtundu wa Vulcan ku mbali ya bambo ake, ndipo amakhulupirira kuti nzeru zokha ndizo ziyenera kutsogolera munthu. Dokotala McCoy, woseweredwa ndi DeForest Kelley, ndi wamtima wapachala, wachifundo, wosakhulupirira makina. Kaputeni Kirk, yemwe anali William Shatner, amaima pakati pawo. Spock ndi McCoy akayamba kutafulirana, oonera ankaseka, koma nkhani imene ankakanganirana inali yomweyo imene gawolo linkafunsa: posankha chochita pamene moyo wa anthu uli pangozi, munthu amvere mutu kapena mtima? Nthabwala zotere sizinkaimitsa nkhani. Zinali mbali ya nkhaniyo.

M'chaka chachiwiri alembi analimba mtima n'kupanga magawo athunthu oseketsa. Lodziwika koposa ndi "The Trouble with Tribbles", lomwe linaonetsedwa pa 29 Disembala 1967. Analilemba ndi David Gerrold, mnyamata wa zaka 23 amene anali asanagulitsepo nkhani ku kanema. Chombo cha Enterprise chikuitanidwa mwadzidzidzi ku siteshoni ya mumlengalenga yotchedwa K-7, ndipo Kirk akupsa mtima atapeza kuti amuitanira kudzalondera nkhokwe za mbewu ya tirigu wa mtundu watsopano. Mbewuyo ndi yokadzala ku Sherman's Planet, pulaneti imene boma la Federation, limene Kirk amatumikira, likulimbirana ndi adani ake a mtundu wa Klingon. Pa siteshoni pomwepo wamalonda wina woyendayenda, Cyrano Jones, akupatsa Uhura, mmodzi wa anthu a m'chombo, kanyama kaubweya kopanda mutu kapena miyendo yooneka, kamene kamalira mokoma munthu akakanyamula. Tinyamati, totchedwa tribble, timabadwa tili kale ndi bere. Pakutha masiku atatu tadzaza chombo chonse, tili pa mipando, m'makoma ndi m'mbale za chakudya, ndipo talowa m'nkhokwe ngati anankafumbwe. Kirk atatsegula chitseko cha nkhokweyo, tinyamato tikumugwera mpaka kumukwirira kufika m'chifuwa, pamene Spock, nkhope ili gwa, akumuuza kuti tilipo 1,771,561.

Chimene chimagwira gawoli n'chakuti palibe munthu amene akusintha khalidwe pofuna kuseketsa. Kirk ndi kaputeni yemwe uja, kungoti waikidwa pa ntchito imene akuiona ngati yomuchepetsa. Scotty, injiniya wa chombocho, akuletsa anzake kumenya a Klingon amene akunyoza Kirk m'bala, koma mmodzi wa iwo atanyoza Enterprise n'kuiyerekeza ndi chotengera zinyalala, iye mwini ndiye akuyamba kuponya chibakera. Aliyense amene anaonera Scotty kwa chaka chathunthu amadziwa kuti n'zimene angachitedi. Ndipo pansi pa kuseka konseko pali ngozi yeniyeni. Tinyama tambiri ta m'nkhokwe tapezeka titafa, zomwe zikuulula kuti mbewu ija inathiridwa chiphe. Tamoyo tikalira mokwiya pafupi ndi Arne Darvin, wothandizira mkulu wa boma amene akuyang'anira mbewuyo, zikudziwika kuti iye ndi kazitape wa a Klingon amene anasinthidwa nkhope. Popanda tinyama toseketsato, anthu a ku Sherman's Planet akanadzala ndi kudya mbewu yakupha. Gawoli linalowa m'gulu lopikisana pa mphoto ya Hugo mu 1968, ndipo linagonja kwa gawo lina la Star Trek lomwe, "The City on the Edge of Forever", nkhani yachisoni yolembedwa ndi Harlan Ellison.

M'chaka chachiwiri chomwecho munalinso "I, Mudd", momwe anthu a m'chombo akugonjetsa maloboti pochita zinthu zopanda tanthauzo mpaka makinawo kusokonekera, ndi "A Piece of the Action", momwe akupeza pulaneti imene anthu ake anatengera chikhalidwe chonse m'buku lonena za zigawenga za ku Chicago za m'ma 1920. Kirk akuvala suti ya chigawenga, akulephera kuyendetsa galimoto, ndipo akupeka masewera a makadi a malamulo osamveka kuti apusitse omulondera. Magawowa anakondedwa, koma Roddenberry sanakondwere ndi njira imeneyi, ndipo Coon anachoka chaka chachiwiri chisanathe.

Mantha a Roddenberry anali ndi maziko. Pa wailesi ya CBS panali sewero lina la mumlengalenga, Lost in Space, lomwe linayamba mu 1965 ngati nkhani ya banja losochera m'mlengalenga koma pang'onopang'ono linasanduka la zibwana, lotsamira pa Dr Smith wamantha ndi loboti yake. Mu Febuluwale 1968 linaonetsa gawo lotchedwa "The Great Vegetable Rebellion", momwe mdani wamkulu anali munthu wooneka ngati karoti. Amene anavala chovala cha karotiyo anali Stanley Adams, munthu yemweyo amene miyezi iwiri m'mbuyomo anali Cyrano Jones. Katswiri wa zisudzo mmodzi, m'masewero awiri a mumlengalenga, nyengo imodzi: lina likuoneredwabe ndi chikondi, linalo limatchulidwa ngati chitsanzo cha sewero limene lasiya kudzilemekeza. Kusiyana kwake sikunali pa kuchuluka kwa nthabwala. Mu Lost in Space, oonera anasiya kukhulupirira kuti aliyense angafe kapena kutaya kanthu.

Fred Freiberger, amene anayang'anira chaka chachitatu, anakana nkhani yachiwiri ya tribble imene Gerrold anakonza, chifukwa kwa iye Star Trek silinali sewero loseketsa. Nkhaniyo inadzatuluka mu 1973 m'makatuni a Star Trek. Koma chaka chachitatucho chinatsegulidwa pa 20 Sepitembala 1968 ndi "Spock's Brain", momwe mkazi wa ku pulaneti ina akuba ubongo wa Spock, ndipo McCoy akuyendetsa thupi lake ndi kachipangizo ka m'manja. Gawoli linaseweredwa ngati nkhani yoopsa, koma anthu akhala akuliseka mpaka lero. Sewero la mtundu uwu limapempha woonera kuti avomere makutu osongoka, miyala yapepala ndi zilombo zarabara. Likakana kuseka nthawi zonse, kuseka kumabwerabe, koma pamalo pamene alembi sanafune. Star Trek yoyamba inatha mu 1969 itaonetsa magawo 79.

Mafilimu a m'ma 1980 anabwereza phunziro lomweli kawiri motsatizana. Star Trek IV: The Voyage Home, ya mu 1986, imene anatsogolera kujambula ndi Nimoy, ikubweza anthu a m'chombo ku San Francisco wa m'zaka zimenezo kukafuna anamgumi awiri oti apulumutse dziko. Mulibe mdani wankhanza, ndipo nthabwala zake zikuchokera poona akatswiri a m'tsogolo akulephera kukwera basi, kugwiritsa ntchito ndalama ndi kutukwana moyenera. Iwo si opusa. Ndi alendo. Filimuyi inapeza ndalama zambiri ku America kuposa ina iliyonse ya gulu loyambali. Yotsatira yake, Star Trek V ya mu 1989, yotsogoleredwa ndi Shatner, inayesa kutengera, koma inaseketsa pochepetsa anthu ake: Scotty akudzitama kuti chombo amachidziwa bwino, nthawi yomweyo n'kudziguguda pa chitsulo n'kukomoka. Oonera ambiri sanaseke, chifukwa Scotty amene ankamudziwa sangasochere m'chombo chake.

Star Trek: The Next Generation, yomwe inayamba mu 1987 n'kutha mu 1994 ndi magawo 178, inayamba mouma. Roddenberry anali atalamula kuti anthu a m'tsogolo asamakangane okhaokha, lamulo limene linachotsa chitsime cha nthabwala chimene Spock ndi McCoy ankatungamo. Alembi anayesa kuitanitsa kuseka kuchokera kunja. Mu "The Outrageous Okona", la mu 1988, Data, munthu wamakina woseweredwa ndi Brent Spiner, akuphunzira nthabwala kwa katswiri woseketsa wopangidwa ndi kompyuta, yemwe anali Joe Piscopo. Gawoli likukamba za kuseka kwa nthawi yaitali koma siliseketsa. Zinthu zinasintha Michael Piller atayamba kutsogolera alembi mu 1989 n'kuumirira kuti gawo lililonse likhale lokhudza munthu mmodzi wa m'chombo. Chipatso chake ndi "Déjà Q", la mu 1990. Q, cholengedwa cha mphamvu zopanda malire choseweredwa ndi John de Lancie, walandidwa mphamvu ndi anzake n'kutayidwa m'chombo ali munthu wamba. Akudabwa ndi njala, akuopa tulo, akudandaula msana. Amene akumuphunzitsa umunthu ndi Data, yemwe amalakalaka chinthu chimene Q akuchiona ngati chilango. Pomaliza Q, atabwezeredwa mphamvu, akupatsa Data mphatso ya kuseka kwenikweni kwa kanthawi kochepa. Woonera amaseka naye limodzi, kwinaku akumva chisoni podziwa kuti Data sasunga mphatsoyo.

Umboni waukulu pa funso loti kuseka kuli ndi malo m'nkhani yolemera uli mu Star Trek: Deep Space Nine, ya mu 1993 mpaka 1999. Ili ndilo sewero lamdima koposa m'banja lonse la Star Trek la nthawi imeneyo. Limachitikira pa siteshoni yoyandikana ndi Bajor, pulaneti imene yangomasuka ku ulamuliro wankhanza wa a Cardassian, ndipo zaka zake ziwiri zomaliza ndi za nkhondo ndi ufumu wa Dominion. Koma ndi lomwenso lili ndi magawo oseketsa ochuluka, ambiri okhudza a Ferengi. Mtundu umenewu unapangidwa mu 1987 kuti ukhale mdani wamkulu wa The Next Generation, koma utaonekera mu "The Last Outpost", tianthu tamakutu akuluakulu todumphadumpha, palibe amene anachita nawo mantha. Armin Shimerman, mmodzi mwa amene anawasewera tsiku limenelo, ndiye anadzakhala Quark, mwini bala wa pa siteshoni. Ira Steven Behr, mkulu wa alembi, anawasandutsa kalirole wa anthu a masiku ano: amalonda okonda phindu, okhala ndi malamulo 285 a kapezedwe ka chuma, amene amanena poyera zimene anthu a Federation amati anazisiya kalekale.

Magawo ena a Ferengi anayenda bwino. Mu "Little Green Men", la mu 1995, Quark, mng'ono wake Rom ndi mwana wa Rom, Nog, akugwera ku Roswell ku America m'chaka cha 1947, ndipo Quark, ataona kuti anthu a nthawiyo amagula fodya n'kumasuta chinthu chowapha, akuganiza kuti wapeza msika wa moyo wake wonse. Ena analephera moipa. "Profit and Lace", la mu 1998, momwe Quark akusandutsidwa mkazi kuti akanyengerere wamalonda wina, limatchulidwa kawirikawiri pakati pa magawo oipa koposa. Nkhani yake ndi ya ufulu wa akazi a Ferengi, imene seweroli linali litaimanga kwa zaka, koma gawolo likuipondereza ndi nthabwala za mwamuna wovala diresi akuthamangitsidwa kuzungulira tebulo. Apa kuseka kunadya nkhani imene kunayenera kuitumikira.

Phindu la zaka zonse zosekazo linaonekera mwa Nog, woseweredwa ndi Aron Eisenberg. Iye akuyamba ngati kamnyamata kakuba, kosadziwa kuwerenga, mnzake wa Jake, mwana wa mkulu wa siteshoni Benjamin Sisko. Kenako akukhala Mferengi woyamba kulowa usilikali wa Starfleet, gulu la zombo za Federation, chifukwa waona bambo ake, katswiri wa makina, akunyozeka m'mtundu umene umangolemekeza phindu. Mu "In the Cards", la mu 1997, iye ndi Jake akuzungulira siteshoni yonse kusinthanitsa zinthu ndi ntchito kuti apezere Sisko khadi la mu 1951 la katswiri wa baseball Willie Mays, pofuna kumusangalatsa pamene nkhondo ikuyandikira. Gawo lotsatira lake, "Call to Arms", nkhondoyo ikuyamba ndipo siteshoni ikulandidwa. Chaka chotsatira, mu "The Siege of AR-558", Nog akuwomberedwa n'kuduka mwendo. Quark, amene oonera anazolowera kumuseka, ndiye akuchenjeza mwana wa mng'ono wakeyo kuti anthu ndi aulemu pokhapokha akakhuta ndi kugona pabwino, koma akalandidwa zimenezi amasanduka zilombo. Mu "It's Only a Paper Moon", Nog akubisala m'chipinda cha zithunzi za kompyuta chofanizira malo achisangalalo a ku Las Vegas a mu 1962, akukana kubwerera ku moyo weniweni. Kuvulala kwa msilikali wosadziwika sikukanapweteka chomwecho. Oonera anali atamuseka mnyamatayu kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kusekako n'kumene kunawachititsa kumukonda.

Seweroli linabwereranso ku K-7 mu Novembala 1996, pokumbukira zaka 30 za Star Trek. Mu "Trials and Tribble-ations", akatswiri a makompyuta analowetsa Sisko ndi anzake m'zithunzi za gawo la mu 1967, ndipo Charlie Brill anabwera kudzaseweranso Darvin, tsopano ali nkhalamba yofuna kubwezera Kirk poika bomba m'kanyama kamodzi. Gawo limene Freiberger akanalikana linali litasanduka chizindikiro cha banja lonse.

Star Trek: Voyager, ya mu 1995 mpaka 2001, inali ndi munthu amene anapangidwira kuseketsa, Neelix wophika, koma amene anaseketsadi anali dokotala wopangidwa ndi kompyuta, woseweredwa ndi Robert Picardo, wodzikuza ndi wosachedwa kukhumudwa, yemwe nthabwala zake zinkachokera pa kulimbana kwake kuti aonedwe ngati munthu. Star Trek: Enterprise, ya mu 2001 mpaka 2005, sinasiye zambiri zokumbukika pa mbali imeneyi.

Pali chinthu china chimene chinathandiza masewero a m'ma 1990, ndicho kuchuluka kwa magawo. Chaka chimodzi chinkakhala ndi magawo pafupifupi 26, ndipo ambiri anali nkhani zoima pazokha. Alembi ankatha kupereka mlungu umodzi ku masewera a baseball pakati pa anthu a Sisko ndi a Vulcan, nkhondo ili mkati, podziwa kuti kutsogolo kuli milungu yambiri. Magawo opepuka ankathandizanso kusunga ndalama ndi kupumitsa ochita sewero. Star Trek: Discovery itayamba mu 2017, inabwera ndi magawo 15 okha m'chaka choyamba, onse olumikizana m'nkhani imodzi ya nkhondo, ndipo malo opumira anachepa. Oonera ena anatembenukira ku The Orville ya Seth MacFarlane, yomwe inayamba chaka chomwecho ngati sewero loseka Star Trek koma m'kupita kwa nthawi inachepetsa nthabwala n'kuyamba kukamba nkhani zolemera. Masewero awiriwa anayendera mbali zosiyana n'kumayandikirana pakati.

Mu 2020 kunabwera Star Trek: Lower Decks, makatuni oseketsa opangidwa ndi Mike McMahan, onena za antchito ang'onoang'ono a chombo chosatchuka cha Cerritos, amene ntchito yawo ndi kupita kumene zombo zikuluzikulu zinafika kale kukamaliza zolembalemba. Ambiri ankaopa kuti lidzanyoza zimene amakonda. Linatha mu 2024 litakwanitsa zaka zisanu, ndipo linakondedwa chifukwa anthu ake, ngakhale ndi osokonekera, amakhulupirira ntchito yawo ndipo ngozi ikabwera amaigwira mwaluso.

Star Trek: Strange New Worlds, yomwe inayamba mu 2022, inabwezeretsa nkhani zoima pazokha, koma ndi magawo 10 okha pachaka. M'chaka chake chachiwiri, mu 2023, magawo atatu otsatizana anaonetsa kutalika kwa mtunda umene seweroli limayenda. "Those Old Scientists", lotsogoleredwa ndi Jonathan Frakes, linabweretsa anthu awiri a m'makatuni a Lower Decks ali anthu enieni, oseweredwa ndi Jack Quaid ndi Tawny Newsome amene amawalankhulira. Lotsatira, "Under the Cloak of War", ndi nkhani ya dokotala M'Benga ndi mabala a m'mtima amene anabwera nawo ku nkhondo, ndipo likuthera pa imfa ya kazembe wa Klingon m'chipatala cha chombo. Kenako kunabwera "Subspace Rhapsody", gawo loyamba la Star Trek limene anthu ake amayimba ndi kuvina kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo nyimbozo zikuwakakamiza kuulula zakukhosi zimene akhala akubisa, kuphatikizapo kutha kwa chikondi cha Spock ndi namwino Chapel. Otsutsa amati pa magawo 10, awiri kapena atatu opepuka amadya gawo lalikulu la chaka, ndipo nkhani zolemera zimasowa malo okulira. Dandaulo limeneli n'lomveka, ndipo likukhudza chiwerengero cha magawo kuposa nthabwalazo. Magawo awiri opepuka aja analowa m'gulu lopikisana pa mphoto ya Hugo mu 2024, ndipo mu 2025 gawo lomaliza la Lower Decks, "The New Next Generation", linapambana mphotoyo.